Boti Lomwe Linakana Kufufuma

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye amene mukuwerenga mawu angawa. Ine ndine Nachisale, ndimakhala kunyanja kumunsi kwa Mtakataka, ndipo ndakalamba moti mano atsala ongosekera. Ndati ndisanayambe kuiwala ndikuuzeni za chaka chimene banja langa linatsala pang'ono kutha, osati chifukwa cha ndewu kapena chimasomaso, koma chifukwa cha mwendo wa amuna anga.

Inali nthawi ya atsamunda, patapita zaka zingapo chichitikire njala ya fote naini. Kwathu kwenikweni ndi ku Golomoti, koma amuna anga a Damiyano, pokhala msodzi, anapempha kwa amalume kuti anditenge chitengwa tikakhale kunyanja. Anali munthu woseketsa, wokonda kuimba ngakhale mawu awo ankathawitsa nkhuku. Tsiku lina mvuu inagubuduza bwato lawo, kuling'amba pakati, n'kuwaphwanya bondo. Tinawanyamula pamachira mpaka kuchipatala ku Mua. Asisitere anayesetsa ndipo moyo unapulumuka, koma mwendo unauma, sunapindikenso.

Amene munakwerapo bwato mukudziwa kuti kukamwa kwake n'kopapatiza, munthu amakhala pamwamba n'kupingasa miyendo m'katimo. Mwendo wouma sulowamo. Anzawo anayesa kuwatenga, zinakanika. Khasu nalo linkawagwetsa m'mizere. Tinayamba kugona ndi madeya, ndipo Sitela, mwana wathu woyamba, tsitsi linayamba kufiira.

Mbiri inawapeza amalume, eni mbumba. Anabwera, anayang'ana ana, n'kunena mosazungulira: "Ndinakupereka chitengwa kuti ukadye, osati ukafe. Mvula yobzalira isanagwe ndibwera kudzakutenga pamodzi ndi anawa." Sanali munthu woipa amalume, ndipo mwambo unali kumbali yawo. Koma ine amuna anga ndinkawakonda, ndikunena poyera.

Ndiye tsiku lina a Damiyano anabwera akutsimphina mothamanga, ndodo ili m'mwamba. Anali atapeza boti m'bango, losiyidwa ndi mzungu wina amene ankasaka ng'ona zaka zam'mbuyomo. Linali la aluminiyamu, chitsulo choyera chija cha sefuliya, lotakasuka moti mwendo wouma ukhoza kutambasuka bwinobwino, komanso lopepuka moti amuna ochepa okha analinyamula. Vuto linali limodzi: pansi pake panali pong'ambika, ndipo m'molumikizira monse munkadontha ngati dengu.

Anayamba ndi zimene msodzi aliyense amadziwa. Anatseka ndi nsanza, n'kumata phula. Dzuwa litawomba chitsulo chija chinatentha, phula lonse linayenderera pansi. Pamenepo akuluakulu a padooko anakhala upo, n'kugwirizana chimodzi: bwato likauma limang'aluka, ukalimiza m'madzi limafufuma, ming'alu n'kutsekeka yokha. "Lakhalitsa padzuwa ili, lisiyeni limwe madzi," anatero. Analidzaza miyala n'kulimiza.

Abale, amuna anga analidikira botilo ngati mayi wodikira nyemba kuti zifewe. M'mawa uliwonse ankapita kukalisuzumira, pobwera n'kundiuza kuti, "Layamba, Nachisale, layamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ine ndemwe ndinkakhulupirira, nanga ndikanatsutsa amuna a padooko lonse? Masabata anapita, mitambo inayamba kuunjikana pamapiri a Dedza, mabingu akumveka chapatali. Tsiku lolivuula, linatuluka monga momwe linalowera, kungowonjezapo ndere ndi nkhanu.

Palibe anaseka. Amuna anga anakhala pamchenga, mwendo uja uli tambalale, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona akulira. "Pita kwanu, mayi a Sitela," anatero. "Ana asafe chifukwa cha ine." Mtima wanga unasweka, chifukwa munthu amene ankandilimbitsa ndiye anali atagwa mphwayi.

Lamulungu lotsatira ndinayenda wapansi kupita ku Misa ku Mua. Mapemphero onse amene ndinaloweza pa katekisimu anandithawa. Ndinangogwada n'kunena kuti, "Ambuye, munthu uyu munandipatsa ndinu. Munamulanditsa kukamwa kwa mvuu, ndiye mumusiye yekha m'nyumba yopanda ana? Ine nzeru zandithera." Ndinatuluka m'tchalitchi osamva chilichonse chachilendo, njala yokha basi.

Pobwerera ndinapumira pamthunzi pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Mtakataka. Pamenepo panali bambo wina wachisilamu, Che Sumani, wokhoma zidebe ndi kukonza ziwiya zobooka. Ndinangoti maso dwii pa manja awo, akuika chigamba pa sefuliya ya mayi wina n'kumakhomerera ndi timisomali tofewa. Atathiramo madzi, osadontha ngakhale pang'ono. Ndinalimba mtima n'kuwafotokozera zonse, mpaka za kumiza kuja.

Anaseka mpaka kofiya inagwa. "Amayi, sefuliya yanu imagona ndi madzi chaka chonse. Inayamba yafufumapo?" Nanenso ndinaseka, misozi ili m'maso. Atamva za amalume anasiya kuseka. "Inshallah, mawa ndifika. Koma malata musandipatse, amachita dzimbiri n'kudya chitsulo chinzake. Boti limenelo limafuna chigamba cha mtundu wake."

Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Anafikadi, nyundo ndi lumo lodulira zitsulo zili m'thumba. Koma chitsulo cha mtundu wake tikanachitenga kuti? Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa sefuliya zanga zonse, ngakhale yaikulu ija imene mayi anga anandipatsa pa ukwati. Amuna anga anati, "Iyo yokha ayi." Ndinati, "Idzandithandiza chiyani ku Golomoti, inu kulibe?" Amayi anzanga atamva, anabweretsanso zawo zakale zobooka. Ine ndinabwerera kumiphika yadothi.

Ntchitoyo inali ya anthu awiri. Che Sumani ankadula sefuliya, kuiwongola, kuyala kansalu kaphula pakati, n'kumakhoma kunja. Amuna anga ankagona m'kati atatsamiza mutu wa nkhwangwa pa msomali uliwonse kuti uphwatalale. Phokoso lake, anthu inu! Masana Che Sumani akapatuka kukaswali, a Damiyano nawo ankavula chipewa n'kunena pemphero la Mngelo wa Ambuye, kenako onse n'kubwerera kukakangana za amene wapinditsa msomali. Malipiro Che Sumani anakana. Anangoti tsiku lina tidzawakumbukire ndi mutu wa kampango.

M'mawa umene amuna anga anapalasa koyamba kukavuula maukonde a matchera obwereka, ndi m'mawa womwewo umene amalume anatulukira, atatenga dengu lalikulu. Kunja kunkanunkha mvula.

"Longedza, tizipita kusanatenthe," anatero.

Ndinagwada. "Malume, sindikukana. Koma ziwiya zanga zili panyanja. Tidikire zibwere."

Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, komabe ananditsatira kudooko. Tinakhala pamchenga maso ali kunyanja, ine osadziwa ngati zigambazo zipirire mafunde. Dzuwa litakwera tinaona chinthu chikunyezimira, kenako tinamva nyimbo yoipa ija imene ndinali nditaisowa miyezi yonseyi. Boti linafika m'kati muli gwaa, chambo chikuphiriphitha pa mapazi a amuna anga.

Amalume analizungulira, akugogoda chigamba chilichonse ndi chala. Anaima nthawi yaitali pa chachikulu chija, chifukwa sefuliya ya mlongo wawo ankaidziwa. Kenako anavula jekete, kupinda buluku, n'kulowa m'madzi. "Bambo a Sitela, mwangokhala bwanji? Gwirani uko tikoke." Ku Golomoti anabwerera okha, dengu lija litadzaza nsomba.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero la mkazi wosadziwa kupemphera, ndipo anayankhira m'manja mwa munthu wa chipembedzo china. Inu amene mwayesa zonse zimene mukudziwa koma zakanika, musataye mtima, ndipo musachite manyazi kufotokoza vuto lanu ngakhale anthu akuseke. Gwadani, kenako dzukani muyende, thandizo lili panjira. Ine ndi a Damiyano tinakalambira limodzi, ndipo tsiku limene Ambuye anawaitana, anatsikira kuli chete mutu uli pamiyendo panga, m'nyumba mwathu, ana onse atatizungulira.

Ambuye alemekezeke. Amen.