Madzi a Matawulo

Lachiwiri pa 14 Okutobala, pa siteji ya minibasi pa Mponela, mayi Elube Kamphinda anafumbata envelopu ya makalata ofunsira ntchito. Pambali pawo panakhala bambo wachilendo wovala majombo onyowa.

"Ntchito yasowa, bambo. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuchapa ku hotela yapamtunda ija, koma anandichotsa mu Ogasiti."

"Munalakwanji, mayi?"

"Palibe. Akufuna satifiketi yosamala chilengedwe, imene azungu amayang'ana asanasankhe kogona. Ndiye anamata pepala m'bafa lililonse: mlendo azipukutira thawulo limodzi masiku atatu, tisunge madzi. Ochapa tinalipo anayi, atsala awiri."

"Mu Ogasiti? Inetu anandilemba konko mwezi womwewo."

"Ntchito yanji?"

"Yothirira kapinga. M'mawa, masana ndi madzulo. Oyendera za satifiketi ija akubwera pa 30, ndipo abwana akuti hotela yosamala chilengedwe singaoneke yofiira ngati munda wokolola kale."

"Madzi ake mukuwatenga kuti chilimwe chino?"

"M'thanki yomwe munkachapira ija."

Mayi Kamphinda anayang'ana envelopu yawo, kenako majombo onyowa aja.

"Nanga wothirira wina sakumufuna?"

"Akufuna awiri, mayi. Bweretsani kalatayo ndikapereke, mapaipi akungokhala."