Mawu a ababa amene laputopu inakana kumva

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine purofesora, kunena kuti mphunzitsi, wa ana aang'ono kuno kufupi ndi Domwe. Ndikufuna ndichitire umboni za mmene ndinatsala pang'ono kutaya manda a amayi anga chifukwa cha maikolofoni ya laputopu.

Amayi anamwalira ku Malawi nthawi ija tinathawa nkhondo, ine ndili wakhanda. Ababa sanatiuzepo pamene anawaika. Ukafunsa, ankangonyamula khasu n'kupita ku mbatatesi zawo. Chaka chatha chifuwa chitawagoneka, anandiitana. "Bweretsa makina ako aja, uyatse, utuluke. Izi sindinganene mwana wamkazi akundiyang'ana."

Ndinayatsa laputopu kuti iziwajambula, ndinaika pampando, ndinatuluka. Anayankhula nthawi yaitali, ine kuseri kwa chitseko ndikungomva kutsokomola. Atagona ndinatsegula kuti ndimvere. Chithunzi chinalipo, milomo ikugwedezeka, dzanja likuloza uku ndi uku. Koma mawu, zii.

Abale, mtima unangouma gwa. Ndinakhala pakhonde makina ali pamiyendo, manja akugwira ntchito okha. Ndinakweza voliyumu mpaka pamapeto. Ndinazimitsa n'kuyatsanso kangapo konse. Ndinabaya mahedifoni, ndinazula, ndinauzira m'timabowo poganiza kuti mwalowa fumbi. Laputopuyi ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito pamalire pa Kalomwe, yochokera tsidya la Malawi, ndipo zam'kati zonse n'Chingerezi, pamene ine maphunziro anga onse ndi a Chipwitikizi. Ndinkangodina pamene chala chagwera. Foni yanga ndi kaja ka mabatani, sikajambula mawu. Pemphero langa linali lakuti, "Ambuye, mwaona." Ngakhale ameni sindinanene.

Mawa lake kunabwera aNambewe, amayi ogulitsa nyemba pamsika, kudzazonda odwala. Iwo anaphunzira ku Dedza zaka zothawa zija. Atandiona anati, "Iwe, wakhala ngati maliro achitika kale bwanji? Tabwera nacho kuno chinthucho." Makina sawadziwa, ngakhale kukhudza ankaopa, koma Chingerezi amawerenga. Iwo ankawerenga n'kumasulira, ine ndikudina. Tinasochera kawiri. Kenaka analoza ndi chala n'kunena kuti, "Apa akuti mapulogalamu saloledwa kugwiritsa ntchito maikolofoni. Ndi potseka." Mwini wake wakale ndiye anatseka. Ndinadina kamodzi, ndinati moni, kamzere koonetsa kuti mawu akulowa kanadumpha.

Chovuta chinali kukauza ababa kuti zadzulo zonse zinapita pachabe. Anandiyang'ana, mpweya ukuwavuta. Kenaka anati, "Yatsa." Nditati ndizituluka anandigwira chitenje. "Khala. Makina akowa ndi osadalirika." Anatchula mudzi, kamtsinje kowoloka, mwala waukulu wa kumutu kwa manda, ndi banja limene linawathandiza kukumba. Ulendo uno zinali zachidule, mphamvu zinali zitatha.

Sabata isanathe anatisiya. Mvula itasiya, ine ndi achimwene anga tinawoloka malire, laputopu ili m'chikwama, n'kumatsatira mawu awo mpaka tinapeza mwalawo. Ndinazula udzu ndi manja.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero loperewera lija n'kutumiza mayi wa nyemba. Inu amene mwafika poti simukumvanso kanthu mumtima, musachite manyazi, nenani kochepa komweko, Iye amamva. Ine misozi sinabwerebe mpaka lero, koma tsopano ndikudziwa pokalirira.