Meja ya Achimwene Inali Nyimbo

Malemu achimwene anga, a Lonjezo Mphepo, anabadwa pa 9 Okutobala 1995 konkuno kwa Njombwa. Bambo awo anali a Geoffrey Mphepo, omwe anatisiya kale, mayi awo ndi a Angelina Nabanda, akhala pamkekawo. Malemu anali oyamba mwa ana anayi. Ine ndine Chikhumbo, chitsirizira. Ndili Sitandade 7, ndiye ndikamadodoma powerenga mundipirire. Oyenera kuima pano anali amalume a Cosmas, koma mbiri yomwe analemba amayi aikana, chifukwa imati malemu anaphunzira zachuma basi. Amalume alamulanso kuti ana a kwaya ya malemu asaimbe pamaliro pano. Anawo ndi awo mukuwaona kuseri kwa chigafa cha fodya, chiimire kuyambira m'mawa.

Malemu anayamba sukulu mu 2002. Mu 2010 anasankhidwa kupita kusekondale ku boma la Kasungu, ndipo mu 2015 dzina lawo linatuluka loti apite ku yunivesite ku Zomba. Mudzi wonse unalulutira. Amalume anathandiza fizi ndi fodya wawo. Zimenezo sitikana, ndipo tikuthokoza.

Nkhani ili apa, ndiye mumvetsere bwino, makamaka inu mayi Jenala oyandikana nafe, mwakhala kumbuyoko. Mmene anandifotokozera achimwene, ku yunivesite munthu amayamba ndi maphunziro angapo. Akafika chaka chachitatu amasankha limodzi lalikulu, lomwe amati meja, ndi lina laling'ono lotsagana nalo. Zili ngati munda wathu: fodya amadzaza munda wonse, mtedza timangodzala mizere ya m'mphepete. Digiri imakhala imodzi, ndipo olemba ntchito amayang'ana meja. Meja ya achimwene inali nyimbo. Zachuma ndiye linali laling'onolo.

Sanabise ayi. Mu Febuluwale 2018, atabwera kutchuthi, ananena poyera tikusoka fodya m'chigafa chomwecho. Ine ndinali kamwana, koma makutu ndinali nawo kale. Amalume anafunsa ngati zachuma zilimo. Achimwene anayankha kuti zilimo, koma pang'ono, ndipo anabwereza kawiri. Amalume anangodzuka, ulendo wa pamsika kukalengeza kuti mphwawo adzakhala bwana wa banki. Mayi Jenala nawo anayamba kutuma mwana wawo wamkazi kwathu ndi maungu, atadzola mafuta mpaka m'zigongono. Musaweramitse mutu, mayi, maunguwo ndinkalandira ndine.

Mu 2019 malemu anamaliza maphunziro, atakhoza bwino. Pofuna kusangalatsa amalume analembera ntchito kumabanki, koma anayankhidwa kuti akufuna anthu omwe meja yawo ndi zachuma. Basitu, kuyambira pamenepo achimwene anasanduka wakuba. Akuti anadya fodya wa amalume n'kukaphunzira kuimba ng'oma. Maungu anasiya kubwera. Pamjigo amayi ena ankati digiri ya gule, n'kumaseka mpaka kuombana m'manja. Mumayesa mwana wonyamula chidebe samva? Ndinamva, ndipo nkhope zanu ndikuziona pano, zina zikulira kuposa amayi.

Kuyambira 2020 malemu ankalima fodya ngati aliyense, ndipo masana ankaphunzitsa ana kwaya kutchalitchi kwathu. Anawaphunzitsa kuwerenga nyimbo papepala, ana oti ena kuwerenga Chichewa kunkawavuta. Nthawi zina ankapita ku Lifupa kukaimbira alendo odzaona nyama. Mu 2023 kwaya yawo inakapikisana ku boma ndipo inabwera ndi chikho. Zachuma zazing'onozo nazo sizinapite pachabe. Alimi a kalabu, kontirakiti ya fodya ikawazunguza mutu, ankabwera kudzafunsa. Amalume nawonso ankabwera, kungoti ankadzera m'chimanga kuti anthu asawaone.

Ndalumpha za banja, pepani. Pa 14 Ogasiti 2021 malemu anamanga ukwati woyera ndi alamu anga a Olive, aphunzitsi a ku Lisasadzi. Alamu anakwatiwa akudziwa bwinobwino meja ya amuna awo, ndipo sanadandaulepo. Amalume paukwati sanabwere, akuti mwendo. Mwendo womwewo tsiku lomwelo unapalasa njinga mpaka pabawo.

Mu Epulo chaka chino, nthawi yosankha fodya, malemu anayamba kutsokomola. Tonse tinkati ndi fumbi la fodya, chitha. Pofika mu Julayi sankathanso kuimirira patsogolo pa ana, ankangowatsogolera ndi dzanja atakhala pampando. Tsiku lomwe anafooka kwambiri, amayi anakapempha ngolo kwa amalume kuti tiwafikitse pamsewu. Amalume anayankha kuti ng'ombe zatopa ndi mabelo a fodya, ng'oma ziwanyamule. Ndinali pomwepo, ndipo amayi anabwerera chimanjamanja. Achimwene anapita pa njinga yamoto ya kabaza, alamu atawagwirizira kumbuyo. Kuchipatala anapeza chifuwa chachikulu. Madokotala anayesetsa, koma tinali titachedwa. Malemu anatisiya pa 3 Ogasiti 2025.

Malemu asiya akazi awo a Olive, mwana mmodzi, Caroline, wa zaka ziwiri, amayi awo, ndi ife abale awo atatu, a Steven, a Raymond ndi ine. Asiyanso ana a kwaya, omwe agona pano osapatsidwa ndi malo okhala omwe.

M'malo mwa banja ndikuthokoza mafumu, abusa ndi akulu ampingo, amayi a Chigwirizano omwe akhala akutonthoza amayi, adzukulu omwe akonza kumanda, anamwino akuchipatala, ndi a Vincent a kabaza, omwe anangomva kuitana n'kubwera. Nonse mwasiya ntchito zanu kudzatikhalira pano, Mulungu akudalitseni.

Amalume, munanena kuti anawa akangotsegula pakamwa, inu munyamuka. Amayi ndi alamu andituma ndikuuzeni pamaso pa anthu kuti mpando wanu ulipo. Khalani, mumve kamodzi kokha zimene mphwanu anakaphunzira. Koma mukafuna kunyamuka, palibe akugwireni. Ana inu, tulukani kuseriko, bwerani muime pafupi ndi bokosi. Anthu apatseni njira.

Achimwene a Lonjezo, mzimu wanu uuse mumtendere. Ana, yambani.