Gitala Inandiulula ku Pinetown

Okondedwa omvera, tamvani zomwe zinandichitikira ku Durban m'zaka za m'ma 1990.

Gitala yomwe ndinachoka nayo ku Mangochi inapindika khosi chifukwa cha chinyezi cha kunyanja yamchere ya ku Durban. Nsambo zinakwera mpaka zala zinkachita matuza, chonsecho Loweruka ndinkayenera kukaimba pa ukwati ku Tongaat. Ndinayesa zakumudzi, kuiyanika padzuwa nditaipsinja ndi njerwa. Eish, inangoipiraipira!

Ndinathamangira kwa bambo wina wokonza magitala ku Pinetown. Ndinkayankhula Chizulu chokhachokha, poti ife obwera Chichewa tinkachibisa kuopa chipongwe. Bamboyo anaseka atamva za njerwazo. Analowetsa kasipanala pabowo n'kupotoza pang'onopang'ono chitsulo cham'kati mwa khosi, kenaka anapala kafupa kotsamira nsambo.

Nditaigwira, mayo ine, kufewa kwake! Zala zinkangoyenda zokha. Chimwemwe chinandiiwalitsa komwe ndinali, ndinayamba kuimba nyimbo yakwathu mokweza. Pozindikira, mtima unangoti phwii: ndadziulula!

Koma bamboyo anali akuvomereza nyimboyo, misozi ikulengeza.

“Achimwene, musasiye,” anatero m'Chichewa. “Zaka zonsezi ndimangoiimbira mumtima.”

Ku ukwati kuja tinapita awiri.