Mfumukazi pa Khoma la Kumpoto

Inu oulutsa mawu, awerengereni omvera anzanga kankhani kangaka.

Nthawi ya atsamunda ndinkasoka zovala pa boma la Nkhotakota. Ndinkakhala chipinda chimodzi ndi kalaliki wina wa Chiangilikani, wamkulu kwa ine. Kachipindako tinakapaka laimu tokha mpaka kanayera mbee. Mipando yathu inali mabokosi a parafini, ndipo katani ndinachita kulumikiza zidutswa za nsalu.

Tsiku lina mnzangayo anabwera ndi chithunzi cha Mfumukazi ya ku Mangalande, n'kuchipachika pa khoma la kumpoto, komwe ife Asilamu timayang'ana poswali. Mtima wanga sunakhalenso m'malo. Kunena ndinkaopa, poti anachikonda kwambiri. Ndinayamba kuswalira panja, nkhuku zikundipondera mkeka, uku ndikufunsafunsa mobisa chipinda china.

Mvula itandivumba ndili chigwadire pabwalo, anandifunsa: "Achimwene, kodi m'nyumba muno mwalowa njoka?"

Ndinati, "Iyayi akulu, koma ndikaswalira muno ndiye kuti ndikugwadira mayi awa."

Anachichotsa pomwepo. "Osanena bwanji? Amenewa timawagwadira mokwanira ku ofesi."

Mfumukazi inasamukira kuseri kwa chitseko. Pa msomali uja ndinkapachikapo mkeka wanga mpaka tsiku lomwe tinasiyana.