Thumba Lomaliza la Mbewu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ambiri mumandidziwa ngati mlimi wa kachewere wa kumtunda kuno. Chimene simudziwa n'chakuti kwa zaka ziwiri ndinali munthu wa juga. Mowa sindinalawepo, ndiye ndinkayenda monyada, kumaseka oledzera. Chikhalirecho kachasu wanga anali m'thumba la malaya. Anali foni.

Ndinayambira pamsika, podikira ogula. Mnzanga wina anandionetsa gudumu lozungulira pa foni. Umaika ndalama n'kusankha mtundu, wofiira kapena wakuda. Tsiku loyamba ndinawina, mtima n'kugunda kwambiri. Sunagundenso choncho.

Kenako ndinkangodina. Ndikaluza, osamva kuwawa. Ndikawina, osakondwa. Mtima unachita dzanzi ngati mwendo woukhalira. Muno ndinkabwera, kuimba ndinkaimba, koma mawu ankangodutsa pakamwa.

Ine ndine mlimi, ndipo ndinkaganiza ngati mlimi. Munda ukauthira manyowa, ukapanda kukupatsa chaka chino umakupatsa chaka chamawa. Ndinkati foni nayonso ikusunga zimene ndathiramo. Ndikaluza kasanu, ndinkati kotsatirako n'kanga basi.

Mukudziwa kuti ndine mkamwini. Dimba ndi la akazi anga, make Chisomo, ndipo mbewu amasankha okha ndi manja. Chaka chachiwiri cha jugayo anasunga matumba anayi m'kachipinda, atafunditsa udzu. Popanda mbewuyo dimba likanagona, ndipo mkamwini wogoneka dimba la eni ake amaonetsedwa njira ya kwawo. Ndinkadziwa zimenezi. Sizinkandiopsa.

Ndinagulitsa matumba atatu, limodzilimodzi. M'malo mwake ndinkaika matumba a zitsononkho n'kubwezera udzu uja.

Loweruka lina mmawa, akazi anga atapita kokatunga madzi, ndinamanga lachinayi panjinga. Tayala linaphwa pafupi ndi nyumba ya alamu anga, mng'ono wa akazi anga, amene amaphunzitsa masamu kusekondale. Ndinakabwereka mpope wopopera tayalalo.

"Alamu, mbewu ikupita kuti?" anandifunsa. "Kapena masiku ano mukudzala pa tala?"

Ndinawauza zoona. Sikuti ndinalimba mtima ayi, kungoti kunama nako kumafuna mphamvu. Ndinati, "Ndaluza kokwanira. Lero ndibweza zonse."

Sanandikalipire. Anatsegula laputopu n'kundionetsa masewero a pa intaneti amene amaphunzitsira ana asukulu za mwayi. Linali gudumu lomwe lija, koma ndalama zake zabodza. Anati ndisewere mmene ndimasewerera.

Ndinadikira wakuda atuluke kasanu, n'kuika zonse pa wofiira. Kunatuluka wakuda. Ndinayambiranso, zinathanso. Kenako anandionetsa batani limene limakuseweretsa kambirimbiri nthawi imodzi, n'kujambula mzere wa ndalama zako. Mzerewo unkakwera pang'ono apa ndi apo, koma unkatsika ngati msewu wotsetsereka wa ku Sharpevale. Ndinadina kakhumi. Kakhumi konseko unathera pansi.

Alamu analoza kachigawo kobiriwira pagudumupo. "Likaima apa, wofiira waluza, wakuda waluza. Aka n'ka mwini gudumu, ndipo mukasewera nthawi yaitali kamadya zonse. Gudumuli silikudziwani, alamu. Munda umakumbuka manyowa. Ili silikumbuka kuti munaluza dzulo."

Sindinamve chisoni kapena manyazi. Munangobwera ganizo limodzi, ndipo ndikhulupirira kuti anali Mzimu wa Mulungu: zaka ziwiri ndapereka zonse kwa chinthu chosandidziwa dzina, pamene Iye wondidziwa dzina ndimamupatsa milomo yokha.

Ndinatembenuza njinga, kukankha mpaka kunyumba, tayala lili chiphwere. Mpope ndinauiwala.

Ndinapeza make Chisomo atakhala pakhonde, zitsononkho zili mbwee pabwalo. Anayang'ana thumba panjingapo, osayang'ana ine.

"Ndimadikira ndione ngati limeneli libwerere," anatero. "Likanapanda kubwera, mawa kukanabwera ankhoswe."

Ndinagwada pazitsononkho pomwepo n'kupemphera mokweza, iwo akumva. Sindinalire, abale, ndisakunamizeni. Dzanzi silinathe tsiku limodzi. Linatha pang'onopang'ono, ndipo pothapo panawawa. Misozi inabwera patapita milungu, ndili kudimba, ndikuona chigawo chimodzi chitamera, zigawo zitatu zili thengo. Tsiku limenelo ndinathokoza Mulungu chifukwa cha kuwawako.

Lero ndili ndi kafoni kamabatani. Chilakolako chimabwerabe, makamaka tsiku la msika, ndipo chikabwera ndimauza akazi anga, timapemphera. Ambuye alemekezeke, pakuti sanadikire kuti ndimve kaye kanthu asanandigwire dzanja.

Mwina muli pano, mukuimba nafe, koma mumtima mukuti, "Jugayi yatsala pang'ono kundibwezera." Alamu anga abwera ndi laputopu ija, akhala pansi pa mtengo tikaweruka. Bwerani mudzaluze ndalama zabodza, kenako tidzagwade limodzi kwa Yesu, thumba lanu lomaliza likadali m'nyumba.