Pepala la Fizi ndi Bolodi ya Amai Nyendwa

A Pulinsipulo, a Cheyamani a nthambi ya Chipani, Bambo Mfumu amene mwachokera ku Mpima, aphunzitsi anzanga, anzathu a m'maofesi ndi a kukhitchini, atsogoleri a bungwe la ophunzira, a Gershom Nyendwa pamodzi ndi ana ndi adzukulu, ndi inu eni tsiku, Amai Dailes Nyendwa: moni kwa nonsenu.

Ine ndine Elliot Mvula, wa mu ofesi yolembetsa ophunzira. Ndadzitchula dzina dala, chifukwa ena tagwira ntchito limodzi zaka zisanu ndi zinayi koma mawu anga mukuwamva lero. Atandiuza kuti ndilankhule, ndinafunsa ngati palibe wina. Anati alipo ambiri, koma amai asankha iwe. Ndinapita kwa amai kukadandaula. Sanadzutse ndi mutu womwe pa taipi. Anangoti, "Elliot, ukayamba kunjenjemera ugwire thebulo." Mwaona nokha, ndaligwira.

Ndiyambe ndi kuulula chimene chili pamtima panga. Lero ndi Lachitatu. Lachisanu ophunzira akwera mabasi ndi sitima kupita kwawo kutchuthi. M'dilowa yanga muli pepala lonena za fizi yatsopano ya Januwale, ndiponso malamulo a amene angathandizidwe akalephera kulipira. Komiti yoyendetsa koleji inati pepalalo lidikire ophunzira achoke kaye, tidzawatumizira makalata, kuopa phokoso. Bungwe la ophunzira landilembera kawiri, kupempha kuti likhomedwe pa bolodi asanapite. Sindinayankhe. Nkhaniyi simungailekanitse ndi Amai Nyendwa, ndipo muona chifukwa chake. Koma poyamba tiwaseke kaye, pakuti mawa sitidzawapezanso.

Amai anafika pano mu 1967, dzina loti Kabwe lisanazolowereke n'komwe pakamwa. Mtsikana wa ku Bwacha, setifiketi ya taipi m'manja, nsapato za mkulu wawo kuphazi. Atate awo, ochokera ku Petauke, anali a njanji. Tsono ku njanji kuli mwambo wake. Pepala lililonse likadindidwa chidindo limapita pa bolodi. Ndani apita ndi sitima ya ku Ndola, ndani ali patchuthi, ndani walangidwa chifukwa chofika atalawa. Zonse poyera. Amai anakula akutumidwa kukawerengera atate awo bolodi imeneyo. Iwo ankayesa kuti dziko lonse limayenda choncho.

Sabata yachiwiri ali pantchito, pulinsipulo wa nthawiyo, mzungu wamtali wosuta kaliwo, anawapatsa mapepala atatu. Amai anataipa. Anadinda. Kenaka anatola mapini, ulendo ku bolodi ya pakhomo la holo yodyera. Pepala loyamba linali la nthawi yotsegulira laibulale. Lachiwiri la mpira. Lachitatu linali losayenera kutuluka mu ofesi: linkaonetsa mmene ndalama ya chakudya cha ophunzira imagwirira ntchito. Pa pepalapo nyama inalembedwa katatu pa sabata. M'mbale inkaoneka kamodzi, nayonso yochita kuifunafuna ndi supuni.

Masana amenewo palibe analowa m'holo. Onse anaunjikana pa bolodi. Mzungu uja anabwera chothamanga, kaliwo m'manja, nkhope psu. "Wakhoma ichi ndani?" Amai, osadziwa kuti pali mlandu, anatukula dzanja monyadira. "Ndine, bwana. Kodi lapendama?"

Inde, sekani. Ntchito inatsala pang'ono kutha tsiku lomwelo. Chinawapulumutsa n'chakuti atafufuza anapeza kuti wobweretsa nyama ndiye ankachenjera, ndipo mzunguyo sankadziwa kanthu. Sabata yotsatira nyama inabwerera katatu. Mbiri inafika mpaka ku mgodi, kuti pa koleji pali mtsikana wobweza nyama m'mbale. A Gershom, amene ankagwira ntchito kumeneko, atamva anasita malaya tsiku lomwelo kuti akafunsire mbeta. A Gershom, musakane, munandiuza nokha pa ukwati wa mwana wanu.

Kulakwitsa kumeneko kunasanduka mwambo wa pano. Kuyambira chaka chimenecho, bungwe lililonse la ophunzira likangosankhidwa, pempho loyamba limakhala lomwelo: zimene timalipira, ndi zimene mumatigulira nazo, zikhomedwe pa bolodi. Ndipo wokhoma wake wakhala mmodzi yemweyu zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Makhalidwe awo mukuwadziwa. Akakhoma pepala sachoka. Amaimirira pomwepo n'kuliwerenga mokweza, kuti osesa ndi alonda amene maso awo sagwira zilembo amve nawo. Chaka chimene mapini anasowa m'masitolo onse a m'tawuni muno, ofesi zina zinaleka kukhoma zidziwitso. Amai anabwera ndi minga ya mthethe m'kachitini ka mafuta odzola. Mlendo wina wochokera ku Lusaka anaima pa bolodi n'kufunsa ngati pano timaphunzitsanso za mankhwala achikuda. Nanga kabotolo kawo kofiira kofufutira zolakwa pa sitensulo, pepala lotaipapo zokasindikiza? Atsikana atatu anakaba poyesa kuti ndi kopaka m'zikhadabo. Amai sanawanenere. Anangodikira Lolemba n'kuyang'ana zala za aliyense. Ndipo ukawauza kuti pepala ili lidikire kaye, yankho lawo ndi limodzi: "Pepala si mbatata kuti likulire pansi."

Tsopano za ine. Mu 1975 ndinali wophunzira pano. Anandisankha kukhala mlembi wa bungwe, osati chifukwa cha kulimba mtima, koma chifukwa ndinkalemba zowerengeka. Nthawiyo panali thandizo la mabuku ndi la ulendo kwa ophunzira osauka, koma palibe ankadziwa kuti limaperekedwa motani. M'mahositelo munkamveka manong'onong'o akuti olandira ndi okhawo amene ali ndi amalume m'maofesi. Bungwe linalemba pempho: malamulo ake akhomedwe, aliyense adziwe ngati akuyenera. Achikulire mukukumbukira mmene zinthu zinalili. Wophunzira wofunsa kwambiri ankayamba kufunsidwa iyeyo kuti wamutuma ndani.

Tsiku lokaonekera ku komiti, wapampando wathu Febian anagwidwa malungo odabwitsa, amene anapola msonkhano utangotha. Ndinalowa ndekha. Amuna asanu ndi awiri atavala masuti, onse maso pa ine. Ndinatsegula pakamwa. Sipanatuluke kanthu. Wina anayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Ngati mnyamatayu alibe mawu, tipite pa mfundo ina."

Amai anali pangodya, akulemba zokambirana. Anati, "Pepani a Cheyamani, mnyamatayu wayamba kale, koma mawu ake ndi otsika, sindinagwire bwino. Elliot, bwera uime pafupi ndi ine. Usayang'ane uko. Uzindiuza ine pang'onopang'ono, ndizilemba." Ndinapita. Ndinanong'ona mzere woyamba. Amai anaubwereza mokweza, ati pofuna kutsimikiza kuti amva bwino. Ndinanong'ona wachiwiri. Anaubwerezanso. Tinatero mpaka pempho lonse linatha, ndipo linalowa m'buku la komiti liwu ndi liwu. Chimene chalowa m'buku chimafuna yankho. Mwezi usanathe malamulo aja anali pa bolodi. Mwa amene anathandizidwa chaka chimenecho, atatu ndi aphunzitsi pano lero. Sindiwatchula, koma mmodzi akuyang'ana pansi.

Pambuyo pake ndinapita ku yunivesite ku Lusaka, ndinabwerako ndi digiri. Ndinene zoona, digiriyo inandiphunzitsa kupeza zifukwa zisanu zosachitira chinthu chimene ndikudziwa kuti n'choyenera. Amai alibe digiri. Mwina n'chifukwa chake amafika pa bolodi msanga.

Koma pasakhale wina woganiza kuti amai ndi munthu wosasunga chinsinsi. Mayeso onse a pano adutsa m'zala zawo, ndipo palibe funso limodzi linatulukapo, ngakhale chaka chimene mwana wa mlongo wawo ankalemba. Ataipa makalata a ophunzira odwala, a atsikana amene zinawavuta, a antchito amene analakwa. Palibe anamvapo kanthu kuchokera kwa iwo, ngakhale a Gershom. Chokhudza ulemu wa munthu mmodzi ankachitsekera. Chokhudza thumba la anthu onse ankachikhoma. Kusiyanitsa ziwirizi sikuphunzitsidwa m'kalasi iliyonse imene ine ndinalowamo.

Amai, zikomo. Zikomo chifukwa cha mmawa uliwonse umene munafika ofesi isanatsegulidwe, ngakhale masiku amene munayamba mwaima pa mzere wa ufa. Zikomo chifukwa cha makina opukusa osindikizira mapepala aja amene amamvera inu nokha. Zikomo chifukwa cha ana a eni amene munawadyetsa kwanu atasowa ya basi. Inu a m'banja, munatibwereka mayi wanu nthawi yaitali, ndipo nthawi zambiri tinkakubwezerani atatopa. Tikuthokoza.

Lolemba lapitali mu ofesi yanga munalowa Sellina Daka, wapampando wa bungwe la ophunzira chaka chino. Uyo wakhala kumbuyoyo. Sanakhale pansi. Anati, "A Mvula, ife sitikuti fizi isakwere. Mtengo wa zinthu tikuudziwa, nafenso timagula sopo. Tikuti chabe mutiuze tisanapite. Kwathu kalata ya m'dzinja imafika msewu ukauma. Ine ndikadziwa manje, atate sagulitsa mbuzi pa Khirisimasi, aisungira fizi, ndipo ndidutsira kwa achimwene ku mgodi kukapempha. Ndikapanda kudziwa, ndidzabwera mu Januwale ndi sutikesi, mudzandibweza pageti, ya basi yobwerera ndilibe." Anapemphanso kuti aziloledwa kulipira m'zigawo, chomaliza anthu atakolola nshawa.

Ine ndinayankha monga munthu wa digiri. Ndinati, "Ndiona."

Sellina anati, "Mwaona kale, a Mvula. Lili m'dilowa."

Khoma la pakati pa ofesi yanga ndi ya amai ndi la thabwa. Taipi inasiya kulira pamene Sellina ankalankhula. Atatuluka inayambanso. Dzulo amai analowa, anaika kiyi wa bolodi pathebulo langa, anati, "Ine ndapuma, Elliot. Bolodi sinapume." Basi, anatuluka.

A Pulinsipulo, sabata ino ndalowa mu ofesi yanu katatu. Koyamba ndinafunsa za ana kunyumba. Kachiwiri tinakamba za mvula. Kachitatu munandiyang'ana n'kufunsa ngati ndikufuna tchuthi. Inu ndinu Mbemba, ine wa kummawa, ndiye kuti ndinu mbuya wanga, wa mtundu umene mwambo umatilola kusekana nawo. Pamaliro mumandipaka ufa kumutu. Mukandiseka za mbewa, ine ndimafunsa kuti anyani atsala angati kwanu. Ndinaganiza zobisala m'chimbuya chomwecho, kuti ndinene izi ngati nthabwala, mukakwiya ndidzati ndimangoseka. Koma ayi. Izi ndikunena ngati wantchito wanu, pamaso pa anthu, chifukwa ndikakhala ndekha ndi inu mawu amandithawa.

Mawa eyiti koloko pepala lija lidzakhala pa bolodi. Masamba onse awiri, la fizi ndi la malamulo a thandizo, dzina langa lili pansi. Ndikalikhoma ndidzaima pomwepo, wofunsa adzafunse ine. Za kulipira m'zigawo ndilibe mphamvu yovomera. Koma ndazilemba kale pa mndandanda wa zokambirana za komiti, ndipo ndikupempha kuti Sellina aloledwe kulowa adzanene yekha. Iye safuna womubwerezera.

Mantha a komiti ndikuwamvetsa. Nanenso phokoso ndimaliopa kuposa aliyense muno. Mwina mawa kudzakhaladi phokoso. Koma lidzakhala la ana athu, ali mkati mwa mpanda, ife tilipo kuti tiwayankhe. Ndasankha limenelo kusiyana ndi kuona mwana atakhalira sutikesi kunja kwa geti mu Januwale, mvula ikumuvumba, ine ndikusuzumira pa windo. Ndikhoza kukhala kuti ndalakwa. Ndimalakwa kawirikawiri. Ngati ndalakwa, kalata yondidzudzula ndidzailandira ndi manja awiri. Vuto ndi limodzi chabe, mbuya wanga: woitaipa wapuma ntchito lero. Mukafuna ndidzaitaipa ndekha ndi zala zanga ziwirizi, koma mudzadikire mpaka Lachisanu.

Amai Nyendwa, pitani ku Kamushanga mukapume. Mukadzuke dzuwa litakwera, popanda belu. Mukasamale dimba lanu la repu limene mwakhala mukulidandaula kuti likuuma, mukaimbe kwaya ya pakati pa sabata imene ntchito inkakumanitsani. Adzukulu inu, musawatopetse agogo. Amai, Mulungu akupatseni zaka zambiri, maso akuthwa, ndi msana wosawawa. Ntchito mwaisiya m'manja onjenjemera, koma mwaisiya m'manja.

Tsopano tonse tiimirire. Ophunzira kumbuyoko, yambani ndinu. A kukhitchini, siyani mbale kaye. Tiwombe m'manja mpaka a ku Bwacha atuluke panja kufunsa kuti kwagwanji. A Pulinsipulo, inunso wombani mwamphamvu, lero ndi la amai. Za ine tikambirana mawa, ikakwana hafu pasiti eyiti.